Alendo akumati chakudya chafika chitapola? Musathamangire kukalipira shefu

Pali dandaulo limodzi lomwe limandiwawa kuposa onse mu lesitilanti, ndipo si la mchere kapena la bilu ayi. Ndi lija loti mlendo wangolawa kamodzi, wayika foloko pansi, nkukodola waiter chapansipansi amvekere "pepani achimwene, koma chakudyachi chapola." Munthu walipira ndalama yoti akanagula nayo ndiwo za sabata yonse, watchena, mwina wabwera ndi madam ake pa tsiku lokumbukira ukwati wawo, nde umupatse chambo chozizira ngati chagona? Ine ntchito imeneyi ndayigwira zaka zambiri, ndinayambira kutsuka matambula ku Cape Town, kenako kunyamula mbale, pano ndimayang'anira ma waiter pa malo ena kunyanja kuno, ndipo vuto ili ndalipeza konse komwe ndadutsa. Limatha sabata ziwiri nkubweranso ngati chimfine.

Zomwe zimachitika kawirikawiri, manijala akangomva dandaulo amalowa kukhitchini kukakalipira shefu, shefu amaloza ma waiter, ma waiter amaloza khitchini, mawa lake zonse zili momwemo. Koma taganizani kaye. Nsomba imachoka pamoto ikutentha yoti sungayigwire, palibe shefu yemwe amaphika chinthu chozizira. Kutenthako kumatayika panjira, pakati pa moto ndi pakamwa pa mlendo, ndipo panjirapo pali malo angapo pomwe mphindi zimabedwa. Ntchito yanu ndi kupeza kuti pa malo panupo zikubedwera pati.

China chomwe anyamata atsopano samachimvetsa msanga ndi ichi: ife tinakulira nsima, mtanda ukakhala mu bakuli umatha kudikira munthu theka la ola uli wotenthabe. Chakudya cha ku malo apamwamba sichili choncho. Kanyama kakang'ono, timasamba tiwiri, sosi wopyapyala atamuyala pa mbale yaikulu yotakasuka, chilichonse chili pamtetete mphepo ikuchipeza mbali zonse. Mphindi zitatu zomwe pa nsima sizingadziwike, apa zakwana kale kuwononga mbale yonse.

Yambani ndi wotchi ndi bolopeni

Musanasinthe chilichonse, pachikani wotchi yapakhoma pa pass, paja pomwe khitchini imayika mbale zomwe zapsa kuti ma waiter atenge. Kwa sabata imodzi, makamaka Lachisanu ndi Loweruka usiku, pa tikiti iliyonse, kapepala ka oda komwe kamapita kukhitchini, pazilembedwa nthawi zitatu: yomwe shefu wauzidwa kuti ayambe kuphika, yomwe mbale yoyamba ya tebulolo yafika pa pass, ndi yomwe mbale yomaliza yanyamulidwa. Basi. Anthu adzanyinyirika tsiku loyamba ati mukuwawonjezera ntchito, asiyeni anyinyirike. Ikatha sabata khalani pansi ndi matikitiwo muwone. Ngati pakati pa mbale yoyamba kufika pa pass ndi yomaliza kunyamulidwa pakumadutsa mphindi zoposa ziwiri, vuto lanu lili pamenepo. Ngati nthawi zili bwinobwino koma madandaulo alipobe, nde kuti ndi mbale zenizenizo kapena ndi njira ya kutebulo.

Ndipo musamangodalira madandaulo. Alendo athu ambiri a Chimalawi sanena, ukawafunsa amangoti "zili bwino, zikomo" kenako osabweranso, kapena uzazimva pa Facebook patapita masiku atatu. Muziyang'ana mbale zomwe zikubwerera kotsukira. Mafuta akaoneka atagwirana mbuu m'mphepete, nyama itatsala theka, dziwani kuti munthuyo wangokuchitirani ulemu.

Gwirani mbale

Ichi ndi chophweka kuposa zonse koma nchomwe ndimachipeza pafupipafupi. Pitani pa pass nthawi yomwe ntchito yafika pachimake mugwire mbale yopanda kanthu yomwe shefu akufuna kuyikapo chakudya. Ngati mukutha kuyigwira bwinobwino osafuna kansalu, nde kuti ndi yozizira. Mbale zadothi zokhuthala zija zimayamwa kutentha kwa chakudya pompopompo, moti steak yabwinobwino imafika kutebulo kunsi kwake kutazizira kale. Nyama ya nkhosa kapena ya mbuzi nde usanene, aliyense amadziwa mmene mafuta a mbuzi amamatira kukamwa akapola, nde pa mbale yozizira amayamba kugwirana waiter asanatuluke nkomwe pakhomo. Sosi wa batala naye chimodzimodzi.

Mbale za chakudya chotentha zizikhala mu kabati yotenthetsera kapena mu uvuni ya moto wochepa, madigiri 60 mpaka 70, zilowe ola lathunthu ntchito isanayambe chifukwa mulu wa mbale umachedwa kutentha pakati, zapamwamba zimakunamiza. Vuto lomwe limabwerezabwereza ndi la pakati pa usiku: mbale zoyamba zatha, wotsuka wabweretsa zina nkuziyika molunjika pa pass osadutsa mu kabati muja. Nchifukwa chake mudzaona kuti alendo a 7 koloko sadandaula, odandaula ndi a 9 koloko. Mukaona zimenezo musavutike nkufufuza zambiri, mbale zanu nzochepa kapena wotsuka sanauzidwe. Koma musapyolezenso, mbale yotentha kwambiri imawumitsa sosi m'mphepete nkumuwotcha mlendo chala, ndipo saladi ndi zotsekemera zozizira zili ndi mbale zake za mu furiji, osasakaniza.

Tebulo limodzi, mbale zosiyana nthawi

Apa nde pomwe khitchini imakhala ndi mlandu, koma si mlandu wa kuphika ayi, ndi wa kusalankhulana. Tebulo la anthu anayi, abambo ayitanitsa steak yopsa kwambiri (ndipo kuno ambiri amafuna yopsa kwambiri, akaona kamagazi amayibweza), amayi ayitanitsa chambo chochotsa minga, ana awiri pasta. Steak yokhuthala kuti ipse mpaka mkati mufike madigiri 70 nkupitirira, kukhitchini kwathu imatenga pafupifupi kota ya ola, kuwonjezapo mphindi zoti ipume madzi ake akhazikike. Chambo chija mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi chapsa. Nde ngati wa nsomba ndi wa nyama ayambira limodzi tikiti itangolowa, chambo chikhala pa pass mphindi khumi kudikira mnzake, ndipo chikamafika kwa amayi aja chauma pamwamba, chapola mkati.

Mankhwala ake ndi munthu mmodzi woyima pa pass yemwe mawu ake ndi omaliza. Izi sizachilendo, shefu wotchuka wa ku France Auguste Escoffier atayamba kuyendetsa khitchini ya Savoy Hotel ku London mu 1890 anagawa ntchito kuti aliyense akhale ndi mbali yake, wa msuzi, wa nsomba, wa nyama yowotcha, choncho, ndipo m'makhitchini a mtundu umenewo mumakhala munthu woyitana maoda yemwe Afalansa amamutchula kuti aboyeur, kutanthauza wouwa, ngati galu ndithu. Dzinalo ndi loseketsa koma ntchito yake ndi imeneyo basi. Amawerenga tikiti mokweza, amafunsa wa chinthu chochedwa kwambiri kuti "achimwene steak ya tebulo 6 mphindi zingati?", uyo amati zisanu ndi imodzi, nde ndi pomwe wa nsomba amayika chambo pamoto. Aliyense amayankha mokweza kuti wamva, osangogwedeza mutu uli chozyolika pa poto. Munthu akaona kuti achedwa azinena msanga, kuli bwino tebulo lonse lichedwe mphindi ziwiri pamodzi kusiyana nkuti mbale zitatu zidikire imodzi.

Malo ang'onoang'ono amati tilibe ndalama yolembera munthu wongoyima. Chabwino, koma Lachisanu ndi Loweruka wina ayimepobe, kaya ndi shefu wamkulu asiye poto, kaya ndi manijala asiye kucheza ndi alendo pa bala. Ine ndimayimapo ndekha ndipo ndi pomwe ndinadziwira kuti theka la zomwe ndinkakalipira ma waiter silinali vuto lawo.

Mbale zapsa koma palibe wonyamula

Ili ndi lathu ife a kutsogolo ndipo tisakane. Belu lalira, mbale zinayi zili pa pass, waiter wa tebulolo ali kwina akutsegula botolo la vinyo kapena wagwidwa ndi mlendo wokonda nkhani, anzake akudutsa pomwepo osazigwira ati "si tebulo langa." Mawu amenewo ine ndinawaletsa. Chakudya chotentha chilibe mwini, yemwe ali pafupi ndipo manja ali opanda kanthu anyamule. Koma kuti izi zitheke muyang'anenso mmene mumagawira ma tip, chifukwa ngati aliyense amatenga za tebulo lake lokha, musayembekezere kuti wina athamangira tebulo la mnzake ndi mtima wonse, anthu ali ndi ana kunyumba. Kwathu tinayamba kuyika pamodzi nkumagawana ndi a kukhitchini omwe, mkangano unalipo mwezi woyamba koma pass inasiya kudzaza.

Nyale zotenthetsera za pa pass zija musazidalire kwambiri. Zimathandiza mphindi imodzi kapena ziwiri, kupyola apo nsomba imauma, sosi amachita kakhungu pamwamba, timasamba tokongoletsera timafota ngati tagona padzuwa. Ku Britain lamulo limati chakudya chosungidwa chotentha chikhale pa madigiri 63 kapena kuposa, koma limenelo ndi la kupewa matenda, silikutanthauza kuti chikomabe.

Kutebulo kwenikweni

Mbale yafika yotentha koma ikupolera m'manja mwa waiter, wayima akufunsa "steak ndi ya ndani? nanga nkhuku?" alendo ali mkati mwa nkhani palibe akumumva, wina wayiwala zomwe anayitanitsa. Zimaoneka zazing'ono koma pa tebulo la anthu 8 mphindi ziwiri zapita, komanso nzochititsa manyazi pa malo oti mukuti ndi apamwamba. Mipando ikhale ndi manambala omwe aliyense akuwadziwa. Kwathu mpando woyamba ndi womwe wapereka msana ku khomo la khitchini, kenako kumazungulira mmene wotchi imayendera, ndipo nambala imalembedwa pa tikiti pambali pa chakudya chilichonse. Olo waiter yemwe sanatenge odayo amangofika nkuyika osafunsa. Alendo akasinthana mipando waiter wa tebulolo adziwitse pa pass.

Ndiye pali zathu zakuno zomwe buku lililonse la ku Ulaya silingakuuzeni. Choyamba kusamba m'manja. Munthu wayitanitsa chambo chathunthu ndi nsima, adya ndi manja, ndiye waiter amabweretsa mbale kaye kenako nkumathamangira beseni ndi jagi ya madzi ofunda, anthu asanu asambe mmodzimmodzi kuyambira wamkulu, chakudya chikungoyang'ana. Madzi azipita mbale zisanatuluke, mukangomva kuti kwatsala mphindi zitatu. Chachiwiri, kwathu kuno munthu sayamba kudya mnzake alibe mbale, ndi ulemu, ndiye mukatulutsa mbale zitatu mwa zinayi mukuganiza kuti mwathandiza, zitatuzo zikhala osakhudzidwa mpaka yachinayi ifike. Tebulo lizituluka lonse pamodzi, ngati ndi anthu 10 pakhale ma waiter anayi kapena asanu ondondozana. Chachitatu pemphero ndi zithunzi. Pemphero simungaliletse ndipo musayerekeze nkomwe, koma pa gulu lalikulu ndimapita kwa mwini phwando mwakachetechete nkunena kuti "bwana, chakudya chatsala pang'ono, ngati pali pemphero kapena mawu angathe kuyamba pano." Palibe anakwiyapo. Tsiku lina sitinafunse, mbale 20 zitangotera amalume ena anayimirira kuti anene mawu awiri okha, mukudziwa mawu awiri a amalume, chakudya chonse chinapola tikuyang'ana ndipo mlandu unali wathu.

Chinanso ndi kuwuza khitchini kuti iyambe nthawi isanakwane. Waiter waona kuti mbale zoyambira zatsala pang'ono wathamanga kukanena, koma pali mayi mmodzi yemwe amadya pang'onopang'ono, kapena bwana watuluka kukayankha foni, kapena kukasuta. Yang'anani wodya mochedwa kwambiri pa tebulolo osati wofulumira. Mlendo akadzuka mbale zitatsala pang'ono kutuluka, pass idziwe pompo. Ngati zatuluka kale, yake ibwerere kukhitchini, osayisiya patsogolo pa mpando wopanda munthu.

Mtunda ndi mphepo

Ngati madandaulo akuchokera matebulo omwewomwewo, lekani kuyang'ana anthu, yang'anani malo. Tengani mbale yopanda kanthu muyende nayo kuchoka pa pass mpaka ku tebulo lakutali kwambiri mukuwerenga nthawi, pa liwiro la munthu wonyamula mbale zitatu osati lanu. Kunyanja kuno alendo amakonda kukhala pakhonde kapena pamchenga penipeni, ndipo June ndi July mphepo ya mwera ikamawomba usiku chakudya chimapola ukuchiona. Anzathu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje ali ndi chiperoni chawo. Pamenepo pamafunika zivindikiro zachitsulo zija, koma nazonso zili ndi vuto lake: nthunzi imatsekeredwa mkati, khungu la nsomba lomwe shefu analikazinga kuti likhale lokhukhuluza limafewa, tchipisi imalobodoka. Ndiye muzivindikira pa sekondi yomaliza, muzivundukula mukangofika, ndipo tchipisi ipite payokha yosavindikira.

Mkati namonso muyang'ane fani ndi air con. Tinali ndi tebulo lina lomwe linkadandaula sabata iliyonse, tinasintha waiter, tinasintha mbale, mpaka tsiku lina ndinakhala pampando womwewo kudya nkhomaliro yanga nkumva kamphepo kozizira kakutsikira pa mbale penipeni. Tinangolisuntha mita imodzi, nkhani inathera pomwepo. Ku khitchini nakonso, chitseko chakumbuyo chomwe anyamata amatsegula chifukwa cha kutentha chimatha kuloza mphepo molunjika pa pass.

Magetsi akathima

Jenereta ikalira sikuti zonse zabwerera ayi, m'malo ambiri kabati yotenthetsera mbale ndi nyale za pa pass sizinalumikizidwe ku jenereta chifukwa zimadya mphamvu, ndipo palibe amazikumbukira mpaka dandaulo lifike. Fufuzani lero masana kuti zanu zili mbali iti. Ngati zimathima, uvuni ya gasi ikhale ndi malo a mbale, kapena poto wamkulu wa madzi otentha akhale pamoto, mbale izivikidwa kanthawi nkupukutidwa bwino ndi kansalu koyera. Makina osindikiza matikiti nawo amafa kapena amachedwa kudzuka, nde buku lolemba pamanja la kaboni lizikhala pafupi, chifukwa oda ikasokonekera mbale ina ipsa msanga ina nkuyiwalika, tabwereranso kuja kwa mbale zodikirana.

Mbale ikabwezedwa

Olo mutakonza zonsezi tsiku lina ibwerabe. Waiter asatsutse, asanene kuti "koma yangochoka kumene pamoto madam", olo zili zoona, ndipo asayambe kufotokoza za khitchini kuti lero tachepa anthu, mlendo sanabwerere zimenezo. Apepese kamodzi, anyamule mbale, anene nthawi yeniyeni yomwe ina ibwere. Ngati ndi mphindi khumi nenani khumi, osati "pompano" chifukwa pompano wa waiter aliyense amamudziwa. Afunsenso anzake a patebulopo ngati zawo zili bwino, ndipo ngati akufuna kudikira mnzawo, zawonso zipite zikasungidwe potentha kapena zikonzedwenso.

Kukhitchini mbale yobwezedwa imadumpha mzere wonse. Ndipo chonde microwave ayi. Steak yomwe mlendo anayifuna yofiirira mkati, ya madigiri 55 kapena chapompo, ukayitenthetsanso imapitirira kupsa nkukhala chinthu china chomwe sanayitanitse, nsomba imalimba ngati labala, sosi wa batala amalekana mafuta paokha madzi paokha, komanso mlendo amazindikira kuti ndi nyama yomwe ija chifukwa pali pomwe anadula kale. Phikani yatsopano pa mbale yatsopano, foloko ndi mpeni zatsopano. Inde ndi ndalama yotayika, abwana eni malo adzafunsa, koma ndi yochepa poyerekeza ndi tebulo lomwe silidzabweranso. Yatsopanoyo akapereke manijala yekha, ndipo abwererenso mlendo atalawa kuti amve ngati tsopano zili bwino. Zochotsa pa bilu kapena kupereka kotsekemera kaulere muziona ndi kukula kwa vuto, koma musathamangire kupereka zaulere musanakonze chakudyacho, ena amaona ngati mukuwatseka pakamwa.

Kenako lembani mu buku: tsiku, nthawi, nambala ya tebulo, chakudya chake, yemwe anali pa pass. Osati kuti mupeze womudula malipiro, mukangoyamba zimenezo ma waiter ayamba kubisa madandaulo ndipo bukulo likhala loyera mpaka kalekale. Lolemba lililonse timaliwerenga tonse a kutsogolo ndi a kukhitchini tisanatsegule. Ndi mmenemo momwe tinaonera kuti matebulo awiri a pamchenga aja, miyezi yozizira, ngakhale utathamanga bwanji ndi chivindikiro, chambo chochotsa minga cha sosi wa batala sichifika bwino. Pano June akafika, mlendo akasankha kukhala kumeneko timamuwuziratu, nkumulozera zomwe zimapirira mphepo monga nyama ya mchira wa ng'ombe yophika ndi msuzi wambiri kapena kampango wa mu curry ndi mpunga wa Kilombero, zomwe timapititsa mu kapoto kachitsulo kovindikira. Akakakamirabe chambo chija timamukonzera tebulo lamkati, vinyo wake nkukamalizira kunja.